Mmene mungatetezere NAS ya backup pakhomo kuti isapite limodzi ndi makompyuta anu

Anthu ambiri amagula kabokosi ka NAS, kosungira mafayilo pa netiweki ya m'nyumba, kapena kulumikiza hadi disiki ku rauta, n'kutsegula foda imodzi yoti makompyuta onse a m'nyumba azitayamo mafayilo, basi n'kumagona tulo kuti backup, kope lapadera la mafayilo awo, ilipo. Vuto lake foda imeneyo nthawi zambiri imakhala yotsegukira aliyense, laputopu ya mwana ikhoza kufufuta zithunzi za banja lonse mwangozi, ndipo ransomware, vayirasi yokhoma mafayilo n'kumafuna ndalama, ikalowa pa kompyuta imodzi siima pa disiki ya kompyutayo, imatsata foda iliyonse ya pa netiweki yomwe kompyutayo ili ndi chilolezo cholembamo n'kuikhomanso. Ndiye tsiku lomwe mukuifuna backup ija mukupeza nayonso yapita.

Masitepe onse ali m'munsiwa cholinga chake n'chimodzi: kompyuta yomwe ikutumiza mafayilo ku backup isakhale ndi mphamvu yofufuta kapena kusintha makope akale, ndipo munthu wa kunja kwa nyumba asaione n'komwe NAS yanuyo. Mayina a mamenyu ndatenga kwambiri a Synology ndi QNAP, makampani opanga NAS, poti ndi omwe afala, koma ngati muli ndi TrueNAS, OpenMediaVault, Asustor kapena kompyuta yakale yomwe munaikamo Samba, pulogalamu yogawira mafoda pa netiweki, zochita zake ndi zomwezi, chosiyana ndi mayina chabe.

Zomwe mukhale nazo musanayambe

- NAS yokhala ndi madisiki awiri kapena kuposa. Ngati simunagule madisiki, fufuzani a mtundu wa CMR monga WD Red Plus kapena Seagate IronWolf, a SMR amavuta kwambiri nthawi yomwe NAS ikumanganso RAID, njira yogwirizanitsa madisiki kuti imodzi ikafa mafayilo asatayike.
- Kebulo ya netiweki yolumikiza NAS ku rauta. Osati Wi-Fi.
- Pasiwedi ya admin ya rauta. Iyi si pasiwedi ya Wi-Fi ayi, ziwirizi n'zosiyana, nthawi zambiri imalembedwa pa kapepala komata pansi pa rauta.
- Hadi disiki ya USB imodzi, zikakhala ziwiri bola, yayikulu kuposa mafayilo onse omwe mukufuna kusunga.
- UPS, batire yothandiza magetsi akazima, yokhala ndi potulukira USB.
- Foni yokhala ndi pulogalamu ya manambala osinthasintha monga Google Authenticator, Microsoft Authenticator kapena Aegis.
- Posungira mapasiwedi monga Bitwarden kapena KeePass, poti mupanga mapasiwedi ambiri oti simungawasunge m'mutu.
- Pepala ndi cholembera, pali zinthu zingapo zomwe ziyenera kulembedwa pamanja.

Ngati pa NAS pali kale mafayilo, akopereni kaye ku disiki ya USB musanakhudze chilichonse.

1. Tsekani kaye njira yochokera pa intaneti

Iyi ndaiika poyamba dala chifukwa ma NAS ambiri omwe anaonongedwa sanalowedwe ndi munthu wa m'nyumba, analowedwa kuchokera kunja. Mu April 2021 ransomware yotchedwa Qlocker inalowa ma QNAP omwe ankaoneka pa intaneti n'kutsekera mafayilo a anthu m'ma 7-Zip okhala ndi pasiwedi. Mu January 2022 kunabwera DeadBolt, inayambanso ndi QNAP n'kumafuna 0.03 bitcoin pa NAS iliyonse, mwezi wotsatira inafika ku Asustor. Eni ake ambiri sankadziwa n'komwe kuti bokosi lawo likuoneka kunja, linadzitsegulira lokha njira pa rauta kudzera mu UPnP, setingi yolola zipangizo kudzitsegulira ma port, makomo olowera kuchokera pa intaneti.

Lowani mu rauta yanu pa browser, adiresi yake kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo chitani izi. Zimitsani UPnP. Pitani pa Port Forwarding, ma rauta ena amati Virtual Server, fufutani mzere uliwonse womwe ukuloza ku NAS, makamaka 445 ya SMB (njira yotsegulira mafoda a pa netiweki), 21 ya FTP, 22 ya SSH, 5000 ndi 5001 za Synology, 8080 ndi 443 za QNAP. Onaninso kuti NAS siili mu DMZ, DMZ ndiye imatsegula ma port onse nthawi imodzi. Ngati rauta yanu ili ndi IPv6, onani kuti firewall yake ndi yoyatsa, anthu amatseka IPv4 n'kuiwala kuti kuli khomo lachiwiri.

Kenako pa NAS penipeni, pa QNAP lowani mu myQNAPcloud muzimitse Auto Router Configuration, pa Synology onani Control Panel, External Access, pa Asustor zimitsani EZ-Connect.

Chenjezo: QuickConnect ya Synology siifuna port yotsegula kuti igwire ntchito, imadutsira ku ma seva a kampani, kutanthauza kuti tsamba lolowera la NAS yanu likhoza kumapezeka kunja ngakhale rauta mwaitseka yonse. Ngati bokosili ndi la backup, izimitseni basi.

Mukamaliza yesani. Zimitsani Wi-Fi pa foni, gwiritsani data, lembani IP ya kunja ya nyumba yanu pa browser n'kuwonjezera :5001 kapena :8080 kumapeto. Isatsegule kanthu. ShieldsUP ya pa grc.com, yoyesa ma port otseguka, imathandizanso koma dziwani kuti All Service Ports imayang'ana ma port 1056 oyambirira okha, 5000 ndi 8080 muyenera kuzilemba nokha.

2. Konzani rauta yeniyeniyo

Pano sipofuna nthawi yambiri. Sinthani pasiwedi ya admin ya rauta, ikani firmware, pulogalamu yoyendetsa rauta, yatsopano ngati ilipo, zimitsani WPS ndi remote management, Wi-Fi ikhale pa WPA2 kapena WPA3. Yatsani guest Wi-Fi ndipo alendo onse, komanso ma TV, makamera ndi tizipangizo tina totchipa tomwe sitilandira apudeti, zilowe kumeneko, bola muonetsetse kuti kabokosi kololeza guest kuona netiweki ya m'nyumba sikanachongedwe. Pomaliza ipatseni NAS adiresi yosasintha pa DHCP Reservation, apo ayi tsiku lina rauta ikadzazima n'kuyakanso NAS idzalandira adiresi ina, ma backup n'kuima mwakachetechete.

3. Apudeti, komanso funso loti bokosi lanu likadali ndi mwini

Ikani system yatsopano ya NAS, DSM pa Synology kapena QTS pa QNAP, ndipo yatsani zoti ma apudeti a chitetezo azilowa okha. Musaiwale mapulogalamu omwe munaika pa NAS, nawonso ali ndi ma apudeti awo padera, ndipo mabowo ambiri amapezeka m'menemo osati mu system yeniyeni. Zomwe simugwiritsa ntchito monga zoonetsera zithunzi, zoimbira nyimbo kapena zodawunilodera, zichotseni.

Fufuzaninso pa tsamba la kampani ngati modelo yanu ikulandirabe ma apudeti. Mu June 2021 ma WD My Book Live ambiri anafufutidwa ndi anthu a kunja, eni ake anangodzuka n'kupeza disiki ili mbee, pomwe firmware yomaliza ya chipangizochi inatuluka mu 2015. Bokosi lomwe kampani inalisiya mukhoza kuligwiritsabe ntchito mkati mwa nyumba kwa kanthawi, koma lisakhale kope lanu lokhalo ndipo lisayandikire intaneti.

4. Akaunti ya admin

Pangani akaunti yatsopano ya admin ndi dzina lomwe munthu sangaliganizire, osati admin, root kapena dzina lanu. Lowani ndi yatsopanoyo, kenako zimitsani ija yobwera nayo yotchedwa admin, ndi guest yomwe. Ma robot a pa intaneti amayesa dzina loti admin usana ndi usiku, likakhala kulibe ndiye kuti ayambira kutali. Pasiwedi ikhale yayitali, zilembo 16 kupita m'mwamba, yopangidwa ndi Bitwarden kapena KeePass, yosagwiritsidwa ntchito pena paliponse.

Yatsani 2FA pa akauntiyi, kuti polowa izifuna pasiwedi komanso nambala yosinthasintha ya pa foni. Onetsetsani kuti wotchi ya NAS ikutenga nthawi pa intaneti kudzera mu NTP, nthawi ikangophonya pang'ono manambala a pa foni amayamba kukanidwa. Ikaninso imelo yobwezeretsera poti foni imatayika. Yatsani Auto Block pa Synology kapena IP Access Protection pa QNAP, munthu akalakwitsa pasiwedi ka 5 m'mphindi zochepa atsekeredwe kunja.

Chenjezo lalikulu pano: akaunti ya admin ndi yoyendetsera NAS pa browser basi. Musaigwiritse ntchito potsegula mafoda pa Windows kapena Mac, musailole browser kuisunga. Ikangosungidwa pa kompyuta ndiye kuti vayirasi yolowa pa kompyutayo ikhoza kuipeza, ndipo zonse zomwe tichite m'masitepe otsatira zagwa.

5. Zimitsani zomwe simugwiritsa ntchito, SMB1 ipite

Telnet, FTP, SSH, AFP, NFS, WebDAV, DLNA, zonsezi ngati simukudziwa kuti mukuzifuniranji zizimitseni. SSH mukhoza kuiyatsa tsiku lomwe mukuifuna n'kuizimitsanso. Chomwe makompyuta a Windows ndi Mac amafuna ndi SMB yokha, ngakhale Time Machine, pulogalamu ya backup ya Mac, masiku ano imayenda bwinobwino pa SMB.

Koma SMB ili ndi mibadwo. SMB1 ndi yomwe WannaCry inadutsiramo mu May 2017, ndipo palibe chifukwa choisungira. Pa Synology pitani Control Panel, File Services, SMB, Advanced Settings, Minimum ikhale SMB2, Maximum ikhale SMB3. Pa QNAP zili mu Microsoft Networking, Advanced Options. Pa Samba lembani server min protocol = SMB2 mu smb.conf, ngakhale kuyambira Samba 4.11 SMB1 imabwera yozimitsa kale. Pa Windows tsegulani Turn Windows features on or off, chotsani chongo pa SMB 1.0/CIFS File Sharing Support. Mukafuna kutsimikiza, tsegulani foda ya pa NAS kenako lembani Get-SmbConnection mu PowerShell ya admin, pa Dialect paoneke 3 ndi manambala ena kutsogolo kwake.

Apa ndi pomwe anthu amabwerera m'mbuyo, pulinta yakale yosikana kapena TV yakale ikangokana kulumikiza amayatsanso SMB1 nyumba yonse. Musatero. Chipangizo chimodzi chakale chisafooketse bokosi losunga chilichonse chanu, sikanani ku kompyuta kapena ku flash.

Ngati mukufuna kuyatsa firewall ya pa NAS ndi bwino, lolani ma adiresi a m'nyumba okha monga 192.168.1.0/24, koma lamulo lololeza likhale pamwamba pa lamulo lokaniza zonse, mukasemphanitsa mudzitsekera nokha kunja.

6. Kompyuta iliyonse ndi akaunti yake, ndi foda yake

Sitepe iyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha, koma ndi yomwe imapangitsa kuti vuto la kompyuta imodzi lisafalikire nyumba yonse. Tinene kuti m'nyumba muli laputopu ya mayi, desktop ya bambo ndi laputopu ya ana. Pangani mafoda atatu a backup, backup-mayi, backup-bambo, backup-ana, ndi maakaunti atatu, iliyonse yolemba mu foda yake yokha, m'mafoda enawo ikhale pa No Access, osati Read Only, isawaone n'komwe. Maakaunti amenewa asakhale m'gulu la administrators, ndipo pa Applications muwakanize zonse kusiya SMB, safunika kulowa pa tsamba loyendetsera NAS.

Mafoda ogawana tsiku ndi tsiku, a mafilimu, nyimbo, zithunzi zoti aliyense aziona, akhale padera ndi maakaunti ena a anthu, osati a backup aja. Inde munthu mmodzi akhala ndi maakaunti awiri, imodzi yake yowonera zithunzi ina ya pulogalamu ya backup ya kompyuta yake, si vuto. Zithunzi zakale zomwe sizisinthanso ziikeni pa Read Only kwa aliyense, mukafuna kuwonjezeramo muzichita kudzera pa browser.

Ikani quota, malire a malo, pa foda iliyonse. Time Machine makamaka imadya malo mpaka disiki itadzaza ngati simunaiikire malire, ndipo disiki ikadzaza ma backup a ena onse amaima. Yatsaninso Recycle Bin ya mafoda ogawana n'kuchonga zoti admin yekha ndi amene aziitsegula, fayilo yofufutidwa mwangozi imapezeka mosavuta kumeneko.

Chenjezo: Windows imavuta mukafuna kulumikiza NAS imodzi ndi maakaunti awiri nthawi imodzi pa dzina limodzi, imakana. Njira yozembera ndi kugwiritsa ntchito dzina la NAS pa akaunti imodzi ndi IP yake pa inayo, Windows imaziona ngati ma seva awiri.

7. Yatsani ma snapshot

Ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndingakuumirizeni ndi ichi. Snapshot ndi chithunzi cha mmene foda inalili pa nthawi inayake, NAS imachisunga pansi pomwe SMB singalembepo, ndiye ngakhale ransomware itakhoma fayilo iliyonse mu backup-ana usiku wonse, inu mumangolowa ndi admin n'kubweza foda ija mmene inalili dzulo masana. Sichikopera mafayilo onse kachiwiri, chimangosunga zomwe zasintha, n'chifukwa chake sichidya malo ambiri masiku abwinobwino.

Pa Synology volume, malo osungiramo pa madisiki, iyenera kukhala yopangidwa ndi mtundu wa Btrfs ndipo muike pulogalamu ya Snapshot Replication. TrueNAS imagwiritsa ntchito ZFS, ma snapshot ali mu Periodic Snapshot Tasks. Pa QNAP ali mu Storage & Snapshots. Ngati Synology yanu munaipanga ndi ext4, tsoka ilo palibe batani losinthira, muyenera kukopera zonse kwina, kufufuta volume n'kupanga yatsopano, ndipo mamodelo ena otsika mtengo Btrfs alibiretu, fufuzani musanagule.

Ndondomeko yomwe ine ndimaiona yokwanira pakhomo ndi iyi, snapshot imodzi tsiku lililonse yosungidwa masiku 30, ndi imodzi pamwezi yosungidwa miyezi 6 kapena 12. Masiku 7 okha ndi ochepa, anthu ambiri amazindikira kuti fayilo inaonongeka patapita milungu, makamaka mafoda omwe satsegulidwa kawirikawiri. Kuyambira DSM 7.2 ya mu 2023 Synology ili ndi immutable snapshot pa mamodelo ena, yomwe ngakhale admin sangaifufute mpaka masiku omwe munaika atakwana, ngati yanu ili nayo ichongeni.

Chenjezo: siyani malo, disiki isadutse 70 kapena 80 peresenti. Ransomware ikakhoma mafayilo onse, NAS imaona ngati onse asintha ndipo imafuna malo osungira akale ndi atsopano pamodzi, ndipo ma NAS ena malo akatha amayamba kufufuta ma snapshot akale okha, omwe ndi omwewo mukuwafuna. Yang'anani ngati setingi imeneyi ilipo pa yanu. Ndipo kumbukirani kuti snapshot ili pa madisiki omwewo, bokosi likabedwa kapena kupsa yapitira limodzi.

8. Konzani backup pa makompyuta

Foda ya backup musaipatse chilembo ngati Z: pa Windows, musaiike pa Quick Access, musachonge Remember my credentials pa File Explorer. Dzina ndi pasiwedi ya akaunti ya backup zilowe mu pulogalamu ya backup mokha. Veeam Agent for Microsoft Windows, yomwe ili ndi mtundu waulere, imasunga pasiwedi ya foda ya pa netiweki mkati mwake, ndiye munthu yemwe akugwiritsa ntchito kompyutayo, ndi vayirasi yoyenda pa akaunti yake, sangotsegula fodayo. Tsegulani Credential Manager, Windows Credentials, mufufute mapasiwedi akale a NAS omwe anatsalira, mudzadabwa kupezamo ya admin.

File History ya Windows ndi Time Machine ya Mac n'zosavuta ndipo si zoipa, kungoti zimalemba mu foda yomwe kompyutayo ingathenso kuiononga, ndiye zimadalira kwambiri ma snapshot a sitepe 7. Pa Time Machine chongani Encrypt Backup.

Njira yolimba kuposa zonsezi ndi yoti makope azisungidwa pamalo pomwe kompyuta singafike n'komwe kudzera pa SMB. Active Backup for Business ya Synology imachita zimenezi pa mamodelo a Btrfs omwe amailola, musaope dzinalo imagwira ntchito pakhomo. Kwa a Linux, Borg ndi rest-server ya restic zili ndi append-only, kompyuta imangowonjezera zatsopano koma singafufute zakale.

Kanthu kena kakang'ono, pa Windows ntchito za tsiku ndi tsiku muzichita pa akaunti wamba osati ya administrator, makamaka pa kompyuta ya ana.

9. Kope lina lituluke m'bokosimo

Lamulo lodziwika ndi la 3-2-1, makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba. Kompyuta ndi kope loyamba, NAS lachiwiri, lachitatu ndi disiki ya USB ija kapena cloud. Gwiritsani ntchito Hyper Backup pa Synology kapena Hybrid Backup Sync pa QNAP, sankhani backup yosunga ma version angapo, osati sync. Sync imangotsanzira, fayilo ikaonongeka pa NAS mawa lake yaonongekanso uko.

Backup ikatha itulutseni disikiyo bwinobwino pa menyu, izuleni, ikaikidwe kwina. Disiki yomwe imakhala yolumikizidwa nthawi zonse imagwidwa ndi chilichonse chomwe chagwira NAS, kaya ndi vayirasi, mphenzi kapena wakuba. Zikakhala ziwiri muzizisinthanitsa, ina ili kuntchito kapena kwa wachibale ina ili kunyumba. Kamodzi pa sabata kapena pamwezi, zitengera kuti mungapirire kutaya ntchito ya masiku angati.

Kope lotuluka m'nyumba likhale ndi encryption, kukhoma mafayilo ndi kiyi wachinsinsi, ngakhale la ku cloud, chongani client-side encryption kuti mafayilo azikhomedwa asananyamuke. Mafoda a zikalata zofunika pa NAS penipeni mukhozanso kuwakhoma, poti munthu wogwira bokosilo m'manja akhoza kuzula madisiki, kapena kudina kabatani ka reset kumbuyo masekondi ochepa n'kuchotsa pasiwedi ya admin.

Chenjezo: kiyi wa encryption akatayika palibe amene angakutsegulireni, ngakhale kampani yomwe inapanga NAS. Lembani pasiwedi yake papepala, fayilo ya kiyi muisunge mu Bitwarden kapena pa flash yapadera. Kumusunga pa NAS yomweyo kuli ngati kukhoma chitseko n'kusiya kiyi pa loko.

10. Ngati mukufunadi kulowa muli kutali

Gwiritsani ntchito VPN, njira yokhomedwa yolumikizira chipangizo chanu ku netiweki ya kunyumba, basi. Tailscale ndi yosavuta kwambiri, muiika pa NAS ndi pa laputopu, siifuna kutsegula port iliyonse pa rauta ndipo imagwira ngakhale kampani ya intaneti itakuikani kumbuyo kwa CGNAT, komwe nyumba zambiri zimagawana IP imodzi ya kunja. Ngati rauta yanu ili ndi WireGuard kapena OpenVPN mkati, nayonso ndi njira yabwino. Akaunti yomwe mukulowera nayo Tailscale ikhale ndi 2FA, poti tsopano ndiyo khomo lolowera pa NAS yanu.

11. Magetsi, thanzi la madisiki ndi mauthenga

Lumikizani UPS ku NAS ndi kebulo ya USB, osati waya wa magetsi wokha, kenako yatsani UPS support kuti magetsi akazima NAS izidzizimitsa yokha batire isanathe. Rauta nayonso ilowe pa UPS. Ikani SMART test, yoyeza thanzi la madisiki, yayifupi sabata iliyonse, yayitali kamodzi pamwezi, ndi data scrubbing, yofufuza deta yoonongeka, miyezi ingapo iliyonse. Ndiye yatsani mauthenga a pa imelo kapena pa foni, a disiki yodwala, backup yolephera, malo otsala pang'ono kutha ndi munthu wolowa ndi admin. Dinani batani lotumiza uthenga woyesera muone ngati wafikadi, osati wagwera mu spam.

12. Yesani kubweza

Pangani kafayilo ka Word pa kompyuta, dikirani backup ichitike, kafufuteni, ndiye kabwezeni kuchokera ku NAS. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera mu snapshot, kenako kuchokera pa disiki ya USB mutailumikiza ku kompyuta ina, ndi pomwe mudziwe ngati pasiwedi ya encryption yomwe munalemba ija ili yolondola. Tsegulani mafayilo obwezedwawo, kuona dzina lokha sikokwanira.

Yesaninso mbali inayo, khalani pa laputopu ya ana muyese kutsegula backup-bambo, muyese kufufuta chithunzi mu foda ya Read Only. Zikatheka bwererani ku sitepe 6. Ngati mukugwiritsa ntchito Veeam pangani recovery media, yoyatsira kompyuta pobwezeretsa, pa flash lero lomwe, tsiku lomwe Windows yakana kuyaka simudzatha kuipanga pa kompyutayo. Mayeso onsewa muzibwereza miyezi 3 kapena 6 iliyonse, ikani chikumbutso pa foni.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kuyesa RAID ngati backup. RAID 1 imalemba chinthu chimodzi pa madisiki awiri nthawi yomweyo, imakuthandizani disiki imodzi ikafa basi, koma mukafufuta fayilo imafufutika konsekonse, ransomware ikakhoma yakhoma konsekonse.

Kusamutsa mafayilo m'malo mokopera. Laputopu ikadzaza anthu amadula zithunzi n'kukaziika pa NAS, ndiye kuti tsopano zili pamalo amodzi okha, imeneyo si backup. Chilichonse chomwe chili pa NAS yokha chiyenera kukhala mu backup ya sitepe 9.

Kusintha nambala ya port n'kumati ndabisala. Kuchotsa 5001 n'kuika 15001 kumangochepetsa phokoso mu log, koma Shodan, tsamba lofufuza zipangizo zooneka pa intaneti, ndi ma robot ena amasanthula intaneti yonse ndipo amaipeza.

Pasiwedi imodzi pa rauta, NAS, imelo ndi Wi-Fi. Ya Wi-Fi mumaipereka kwa alendo, ganizirani.

Kudalira disiki yolumikizidwa ku USB ya rauta. Ma rauta ambiri akale amangodziwa SMB1, ena amayatsa FTP okha, alibe snapshot ndipo maakaunti ake ndi osalongosoka. Ya mafilimu chabwino, ya zikalata ayi.

Kuiwala maakaunti akale. Wachibale amene anasamuka, laputopu yomwe inagulitsidwa isanafufutidwe bwino, foni yotayika, zonsezi zimakhala zikadali ndi njira yolowera, akauntiyo izimitseni kapena sinthani pasiwedi tsiku lomwelo.

Kuchita phuma ransomware ikalowa. Mukaona mafayilo asintha mayina kapena kalata yofuna ndalama, zulani kebulo ya netiweki ya kompyuta yodwalayo ndi kuzimitsa Wi-Fi yake, imitsani ma backup onse omwe anakonzedwa kuti aziyenda okha ndi ndondomeko yofufuta ma snapshot akale, ndipo disiki ya USB ija musailumikize kulikonse mpaka kompyutayo itafufutidwa n'kuikidwa Windows yatsopano. Mapasiwedi a NAS muwasinthire pa chipangizo china chomwe mukudziwa kuti n'choyera, kenako ndiye muyambe kubweza kuchokera mu snapshot ya tsiku lomwe vutolo lisanayambe.